Chisoni cha bambo wosalira: zimene oonera amayamikira mwa Chiwetel Ejiofor

Anthu ambiri amene anaonera filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind amakumbukira mapeto ake: nsanja yamitengo itaima pamudzi, mphepo ikuzunguza mapiko a makina, madzi akutuluka m'chitsime n'kuyenderera m'munda wouma. Filimuyi inayamba kuonetsedwa pa Netflix pa 1 Malichi 2019, ndipo imakamba za William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi. Amene amafufuza m'Chipwitikizi amaipeza ndi dzina lakuti O Menino que Descobriu o Vento.

Koma munthu amene analimapo chaka chathunthu n'kututa mapesi okhaokha amaona china. Maso ake amakhala pa bambo a mnyamatayo, a Trywell Kamkwamba, amene mbali yawo anasewera ndi katswiri wa zisudzo Chiwetel Ejiofor. Bamboyu amataya pafupifupi chilichonse, koma salira mokweza ndipo safotokoza zimene zili mumtima mwake. Komabe woonera amatuluka akudziwa bwino kulemera kwa chisoni chake. Luso limeneli ndi lofunika kulimvetsa kuno ku Angónia, chifukwa abambo otere tili nawo m'midzi mwathu.

Lilime linaphonya, nkhope sinaphonye

A Ejiofor anabadwira ku London mu 1977, ndipo makolo awo ndi a mtundu wa Igbo ochokera ku Nigeria. Anatchuka kwambiri mu 2013 ndi filimu ya 12 Years a Slave. Filimu ya Kamkwamba anailemba okha kuchokera m'buku limene William analemba pamodzi ndi mtolankhani Bryan Mealer, lomwe linatuluka mu 2009. Anaitsogolera okha, n'kuseweranso mbali ya bamboyo. Inajambulidwa ku Malawi komweko, ndipo mbali yaikulu ya zokambirana zake ili m'Chichewa.

Apa ndi pamene panabuka madandaulo. Maxwell Simba, amene anasewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, amene anasewera ngati mayi Agnes, anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Pa anthu a m'banja la Kamkwamba mufilimumo, woimba Lily Banda, amene anasewera ngati Annie mlongo wake wa William, ndiye Mmalawi. Eni chilankhulo anamva msanga kuti mawu ena akupindika, ndipo ambiri anafunsa chifukwa chimene mbali zikuluzikulu sanazipereke kwa ana a kwathu. Funsolo ndi lomveka ndipo silinathe ntchito.

Chodabwitsa n'chakuti pamene a Ejiofor atseka pakamwa, mlendoyo amasowa. Kakhalidwe kawo pakhonde, kagwiridwe ka khasu, kayang'anidwe kawo kumitambo, zonsezi ndi za bambo wa kumudzi amene tonse timamudziwa. Chimene oonera ambiri amayamikira ndi Chichewa cha thupi chimenechi.

Zimene bamboyu anataya

Filimuyi inagawidwa m'zigawo zisanu zotsata moyo wa mlimi: Kufesa, Kukula, Kukolola, Njala ndi Mphepo. Imayamba ndi maliro. A John, mkulu wawo wa a Trywell, amagwa m'munda n'kumwalira. Malo awo amapita kwa mwana wawo Jeremiah, amene amavomera kugulitsa mitengo kwa a kampani ya fodya ngakhale kuti mfumu inachenjeza kuti mitengoyo ndiyo imatchinga madzi. Mvula imabwera yoononga, kenako imadula. Fizi imasowa ndipo William amachotsedwa sukulu. Mfumu imakadandaula pamsonkhano wa mtsogoleri wa dziko, n'kumenyedwa koopsa. Tsiku limene a Trywell achoka pakhomo, anthu anjala amabwera n'kusesa chimanga chochepa chimene banjalo linasunga. Banja limayamba kudya kamodzi patsiku. Annie amathawa ndi mphunzitsi kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Galu wa William, dzina lake Khamba, amafa ndi njala.

Mukawerengetsa, bamboyu wataya mbale wake, munda, mbewu, mfumu yake, mwana wamkazi, ndiponso chimene ankanyadira kwambiri, chomwe ndi kuona mwana wake atavala yunifolomu. Wosewera wina akanagwa pansi n'kudzigubuduza pa chilichonse mwa zimenezi. A Ejiofor anasankha njira ina, ndipo tingaione m'malo anayi.

Poyamba, chisoni amachiika m'manja. Nthaka itauma gwa, a Trywell amapitabe kumunda n'kumakalima fumbi. Iwo ndi mlimi, akudziwa kuti pamenepo sipamera kanthu. Koma kuima n'kuvomera kuti zatha, ndiye khasu limangokwera n'kutsika. Woonera safunika kuuzidwa kuti munthuyu akulira. Khasulo ndilo likulira.

Kachiwiri, amachiika m'maso. Onetsetsani mmene maso a bamboyu amasinthira filimu ikamapita. Pachiyambi amayang'ana ana ake mwachindunji, nkhope ili yowala. Njala ikafika, maso amathawira pansi kapena kutali kumunda. Munthu amene akudziona kuti walephera kudyetsa banja savutika ndi mimba yokha. Amavutika ndi maso a mkazi wake ndi ana ake.

Kachitatu, chisoni chimasanduka mkwiyo. William atapanga kamakina kakang'ono kosonyeza kuti mphepo ingathe kupereka magetsi, amapempha njinga ya bambo ake kuti apangire makina aakulu. A Trywell amaphwanya kamakinako n'kumukalipira kuti agwire khasu. Woonera wachangu anganene kuti ndi bambo wankhanza kapena wosadziwa sayansi. Koma mverani mawuwo bwino: pansi pa ukaliwo pali mantha. Njinga ndi chuma chomaliza cha banjalo. Ndiyo galimoto, ndiyo ambulansi, ndiyo njira yopita kumsika. Aliyense amene anakankhapo njinga yodzaza matumba a mbatatesi kupita ku Ulónguè kapena ku Lizulu akudziwa kuti kuipereka kuti idulidwe si nkhani yamasewera.

Kachinayi, amadziwa nthawi yogonja. Mayi Agnes ndi amene amatchula poyera zonse zimene banjalo lataya, ndipo mawu awo ndiwo amathyola khoma. Aïssa Maïga amasewera mbali imeneyi mosakuwa, ngati mayi amene watopa kusunga mawu. Zitatero a Trywell amapereka njinga ija. Palibe kulankhula kwakutali kopepesa. Bamboyo amangofewa mapewa, n'kuyamba kugwira ntchito pansi pa ulamuliro wa mwana wake. Kwa mwamuna wa kumudzi, kumeneko ndiko kupepesa, ndipo ndiko kulira.

Pali mfundo ya moyo wa a Ejiofor imene imathandiza kumvetsa luso limeneli. Mu 1988, ali ndi zaka 11, anachita ngozi ya galimoto ku Nigeria ali limodzi ndi bambo awo, omwe anali dokotala. Bambowo anamwalira, ndipo iwo anapulumuka ndi chipsera chimene chimaonekabe pamphumi. Munthu amene anasewera bambo wosweka mtima anadziwa imfa ya bambo ali mwana.

Tinenenso kuti filimu si mbiri ndendende. Pa moyo weniweni, makina oyamba amene William anapanga mu 2002, ali ndi zaka 14, ankayatsa mababu ndi wailesi pakhomo pawo. Opopa madzi anabwera pambuyo pake. Opanga filimu anaphatikiza ziwirizi kuti nkhani ithere pa madzi. Koma njala ya 2001 mpaka 2002 inali yeniyeni, ndipo akuluakulu a m'malire muno amakumbukira anthu ochokera ku Malawi amene ankaoloka kudzafuna ganyu yolipidwa chimanga kapena ufa.

Mlimi wa chimanga amene anapita kunyenyezi

Filimu ya Kamkwamba ndi nkhani ya sayansi yochitikadi, ndipo pachionetsero cha mafilimu cha Sundance mu 2019 inalandira mphoto ya Alfred P. Sloan, imene imaperekedwa kwa mafilimu okamba za sayansi. Pali mtundu wina woyandikana nawo, wa nkhani zopeka za sayansi: mafilimu a zombo zopita kumwamba, maloboti ndi maiko a m'tsogolo. A Ejiofor aseweramonso m'mafilimu otere, monga Children of Men ya 2006 ndi The Martian ya 2015. Achinyamata amawakonda chifukwa cha zophulika ndi makina odabwitsa, ndipo akuluakulu ambiri amawayesa zachibwana. Komatu ena mwa mafilimu amenewa amanyamula chisoni chofanana ndi cha a Trywell.

Chitsanzo chimene mlimi angachimve msanga ndi Interstellar, ya 2014, yotsogoleredwa ndi Christopher Nolan. Nkhani yake ndi ya m'tsogolo, pamene matenda a mbewu atha tirigu, akumaliza therere, ndipo chatsala ndi chimanga chokha, fumbi lili ponseponse. Matthew McConaughey amasewera ngati Cooper, mlimi wa chimanga amene mkazi wake anamwalira, ndipo kale anali woyendetsa ndege. Amavomera ulendo wokafufuza dziko lina lokhalamo anthu, n'kusiya ana awiri m'manja mwa agogo awo. Mwana wamkazi, Murph, amakana kutsanzikana naye.

Oonera amatchula malo awiri. Oyamba ndi aafupi kwambiri moti mukaphethira mwawaphonya. Cooper akuchoka pagalimoto, amatambasula dzanja n'kuvundukula bulangeti lili pampando wapambali, chifukwa ulendo wina mwanayo anabisala pamenepo kuti apite nawo. Ulendo uno palibe munthu. Sanena kanthu, amangoyendetsa misozi ili m'maso.

Malo achiwiri amadalira mfundo ya sayansi imene Albert Einstein anafotokoza: pafupi ndi chinthu champhamvu yaikulu yokoka, nthawi imayenda pang'onopang'ono. Mufilimumo muli dziko limene ola limodzi kumeneko ndi zaka 7 kuno. Cooper amachedwako maola ochepa, ndipo pobwerera m'chombo amapeza kuti papita zaka 23. Amakhala pansi n'kuyamba kuonera mauthenga a kanema amene ana ake ankatumiza zaka zonsezo. Mwana wamwamuna akukula, wapeza mkazi, wabereka mwana, mwanayo wamwalira, agogo nawonso aikidwa m'manda. Kamera imakhalitsa pankhope ya bamboyo. Amaseka poona mdzukulu, kuseka kuja n'kusanduka kulira kopanda mawu. Sangayankhe, sangapepese, sangakhale nawo pamaliro.

Kuno nkhani imeneyi si yopeka. Agogo athu ambiri anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku mafamu a ku Zimbabwe, n'kumalandira m'kalata uthenga wa maliro amene anaikidwa miyezi yapitayo. Ena anakhala matchona osabwereranso. Pa nthawi ya nkhondo, mabanja a ku Angónia ndi Tsangano anathawira ku Dedza ndi Ntcheu, ndipo atabwerera pambuyo pa mgwirizano wamtendere wa pa 4 Okutobala 1992 anapeza manda atsopano, ena osadziwika n'komwe malo ake. Lero mnyamata amene ali ku Johannesburg amaonera maliro a mayi ake pa WhatsApp. Chombo cha Cooper changokulitsa mtunda umene ife timaudziwa kale.

Chitsanzo china ndi Black Panther: Wakanda Forever, ya 2022. Chadwick Boseman, amene ankasewera ngati mfumu T'Challa, anamwalira ndi khansa pa 28 Ogasiti 2020 ali ndi zaka 43. Opanga filimu sanaike munthu wina m'malo mwake. Analola kuti mfumuyo imwalirenso m'nkhani, moti anzake ankalira munthu weniweni pamaso pa kamera. Angela Bassett, amene anasewera ngati mayi wa mfumu, analandira mphoto ya Golden Globe chifukwa cha mbali imeneyi. Letitia Wright amasewera ngati Shuri, mlongo wake wa malemuyo, katswiri wa sayansi amene amathawira m'ntchito pokana kulira. Kumapeto kwenikweni ndi pamene amakhala yekha m'mbali mwa nyanja, n'kutentha zovala zake zamaliro monga mwa mwambo wa kwawo, popanda kulankhula. Amene amadziwa mwambo wa kumeta akumvetsa: pamafunika tsiku limene wofedwa amaloledwa kutula.

N'chifukwa chiyani kusalira kumakhudza kwambiri?

Pali zifukwa ziwiri, china cha luso, china cha chikhalidwe.

Cha luso n'chakuti kamera ili pafupi. Pa sewero la pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi, wosewera amayenera kukweza mawu ndi kutambasula manja kuti wa kumbuyo amve ndi kuona. Pa sewero la pawailesi, mawu ndiwo amanyamula zonse. Koma kamera imaona kunjenjemera kwa mlomo ndi kumeza malovu. Wosewera akachita zambiri, woonera amangoyang'ana. Akachita zochepa, woonera amadzaza yekha mpata wotsalawo ndi maliro a kwawo. N'chifukwa chake anthu awiri okhala pabenchi imodzi m'nyumba yoonetsera mavidiyo angathe kulira pamalo amodzimodzi, aliyense akulira munthu wake.

Amene amamasulira mafilimu m'Chichewa akuyenera kumva mfundo imeneyi. Ntchito yawo yatsegulira anthu ambiri mafilimu amene sakanawamva, ndipo nthabwala zawo zimakometsa. Koma pamene wosewera wakhala chete mwadala, womasulira akaikapo nthabwala kapena kufotokoza, waphimba pamene panali mutu wa nkhani. Malo ena amafuna kuwasiya momwemo.

Cha chikhalidwe n'chakuti timadziwa kale kuwerenga chisoni chotere. Pamaliro a kwathu amayi amakhala m'nyumba ya siwa n'kumalira momveka. Abambo amakhala panja pamoto usiku wonse, akukambirana za mvula, za mtengo wa feteleza, za amene akadule mitengo ya kumanda. Palibe amene amaganiza kuti abambowo sakumva kuwawa. Timaona mmene wina akuyang'anira moto osaphethira, mmene akukanira nsima, mmene akudzukira kukathandiza adzukulu ntchito imene si yake. Mwana wamwamuna amakula akumva kuti mwamuna salira. A Ejiofor ndi a McConaughey amatisonyeza kumene misoziyo imapita ikaletsedwa kutuluka.

Kunja kwa kanema

Apa ndi pamene nkhani ya mafilimu ikukhudza miyoyo. Mufilimu, chisoni chobisika chimakhala ndi oonera, ndipo nyimbo imatiuza kuti tiyang'anitsitse. Pamudzi palibe nyimbo. Bambo amene chimanga chake chapserera, amene fodya wake wagulidwa motchipa ngongole ya zipangizo ikumudikira, kapena amene waika mwana m'manda, amadzuka m'mawa n'kutenga khasu ngati masiku onse, ndipo anthu amati walimba mtima.

Zaka zaposachedwa zapereka zifukwa zambiri za chisoni chotere. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anaononga m'chigawo cha Tete mpaka kugumula mlatho wa pamtsinje wa Revúbuè. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anapha anthu mazanamazana kumwera kwa Malawi. Chilala cha El Niño cha 2023 mpaka 2024 chinachititsa boma la Malawi kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo pakati pa Mozambique napo mbewu zinapserera. Apolisi a ku Malawi akhala akunena chaka ndi chaka kuti mwa anthu amene amadzipha, ochuluka kwambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Malire a pa Calómuè kapena pa Biri-Biri saletsa mavuto otere kuoloka.

Zizindikiro zake ndi zomwe zija taziona mwa a Trywell. Munthu amene ankacheza wayamba kukhala yekha. Akugwira ntchito mopitirira muyeso kapena wasiyiratu. Akupsa mtima ndi tinthu tating'ono, makamaka kwa ana ndi mkazi wake. Sakugona, sakudya, kapena wayamba kumwa kachasu kuposa kale. Akulankhula ngati munthu wopanda ntchito padziko, kapena akugawa katundu wake popanda chifukwa.

Mukaona zotere mwa mnansi, m'bale kapena mwamuna wanu, musadikire kuti alire kaye. Pitani mukakhale naye, ngakhale popanda mawu ambiri. Mufunseni molunjika mmene mumtima muliri, pamalo poti palibe omvetsera. Ngati akutchula zofuna kufa, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a m'munda pafupi naye, ndipo mupite naye kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Ankhoswe, atsogoleri a mpingo kapena a mzikiti, a mfumu ndi anzake a m'kalabu ya ulimi angathandize kusenza nkhani ya ngongole kapena ya chakudya imene ikumulemera. Ukali wobwera ndi chisoni sukhululukira nkhanza: mayi kapena mwana amene akumenyedwa ali ndi ufulu wokanena ndi kutetezedwa.

Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo mutu umodzi susenza denga. Mufilimu ya Kamkwamba, makina sakanaima popanda nzeru za mwana, koma sakanaimanso mayi akanapanda kuona chimene chinkadya mwamuna wake n'kuchitchula dzina. Mukadzaioneranso, lekani kaye kuseka katchulidwe ka mawu, muyang'ane bamboyo pamene sakulankhula. Kenako muyang'ane amene ali chete pakhomo panu ndi pakhomo loyandikana nalo.